Tinyali ta amayi tinayaka kamodzi kokha

Denga la chipinda cha amayi kumudzi kwathu ku Dowa linada bii ndi mwaye wa koloboyi. Ndakula ndikuliona choncho, ndipo m'mawa amayi ankadzuka ndi chifuwa, mphuno zitada. Nditayamba kuphunzira zokonza mafoni ndi mawailesi pa Mponela, chinthu choyamba chimene ndinafuna kupanga ndi manja anga chinali nyali yawo. Ndinatola matochi akufa, aja olowa mabatire atatu okhala ndi tinyali tambiri kumaso, n'kuzulamo tinyali toyera 12. Ndinaboola chivindikiro cha ndowa ya pulasitiki ndi msomali wotentha, n'kulowetsa tinyalito m'mabowomo. Miyendo yaitali yonse ndinaipota pamodzi, yaifupi nayonso pamodzi. Batire la njinga yamoto la mavolti 12 ndinalitchajitsa pamsika n'kulimangirira pa kaliyala.

Madzulo a Loweruka limenelo, ana a mlongo wanga atandizungulira, ndinagunditsa waya pa batire. Chipinda chonse chinayera mbee ngati kwang'anima mphezi, ana n'kukuwa. Kenaka kaphokoso, kafungo ka pulasitiki yopserera, ndi mdima. Amayi anakhala chete pang'ono, n'kunena kuti, "Wayesetsa mwanangu. Tandipatsa machesiwo." Anayatsanso koloboyi. Usiku umenewo tulo sitinabwere.

Lolemba ndinanyamula chivindikirocho kupita nacho kwa bambo wina wachikulire wokonza mawailesi, amene ankandilola kukhala pambali pa benchi lawo n'kumaonerera. Anachitembenuza, anachinunkhiza.

"Resistor ili kuti?"

"Palibe, bambo."

"Ndiye umati tipirire bwanji? Aka si babu, mwanawe. Aka ndi diode."

Anakoka dilowa n'kundipatsa kanthu kakuda, kotalika ngati njere ya mpunga yonenepa, ka miyendo iwiri, kokhala ndi kamzere kotuwa mbali imodzi. Pathupi pake panalembedwa 1N4007. Anandipatsanso mita yoyezera magetsi, n'kuipotolera pa chizindikiro cha kakona zitatu kogunda kakhoma. Anati waya wakuda wa mita ndiugunditse mbali ya kamzere, wofiira mbali inayo. Mita inalemba 0.58. Anati nditembenuze. Mita inalemba OL, kutanthauza kuti njira palibe. Ndinatembenuza katatu konse, chifukwa waya uliwonse umene ndinkaudziwa moto umadutsa kaya mwaugwira chotani. Aka kokha kanali ndi kutsogolo ndi kumbuyo.

Iwo anandifanizira ndi fuliwilo ya njinga. Ukapalasa chopita kutsogolo imagwira, tayala n'kuyenda. Ukapalasa chobwerera m'mbuyo imangolira, tayala silimva kanthu. Ine masiku ano ndikamafotokozera anyamata obwera pa benchi panga ndimakonda za mjigo, chifukwa aliyense anapopapo. Pansi pa mapaipi a mjigo pali valavu imene imatsegukira m'mwamba mokha. Madzi akakwera sabwereranso pansi, ndipo valavuyo ikatha ndi pamene mumapopa nthawi yaitali m'mawa madzi asanatuluke. Fanizoli si lathu lokha ayi. John Ambrose Fleming, amene anapanga diode ya m'galasi ku London m'chaka cha 1904, anaitcha valavu, ndipo bambo aja mawailesi akale otenthetsa kaye asanalankhule ankawatchabe mawailesi a mavalavu.

Zimene zili m'kati mwa kanthu kakudako ndinazimvetsa patapita nthawi, nditawerenga ndi kufunsa. Muli kachidutswa ka silicon, chinthu chimene amachiyenga kuchokera ku mchenga. Atomu iliyonse ya silicon ili ndi ma-electron 4 akunja, tinthu tating'onoting'ono tonyamula magetsi, ndipo onse amagwirana ndi a anzake oyandikana nawo, kotero palibe womasuka woti anyamule magetsi. Opanga amathiramo dala tizinthu tina pang'ono zedi. Mbali imodzi amathira phosphorus, amene ali ndi ma-electron 5, ndiye mmodzi amasowa wogwirana naye n'kumangoyendayenda. Mbali inayo amathira boron, wa ma-electron 3, ndiye pamatsala mpata wopanda mwini. Pamalire pamene mbali ziwirizi zakumana, oyendayenda aja amagwera m'mipata imene ili pafupi, ndipo pamapangika kadera kopyapyala kopanda wonyamula magetsi, ngati kamtumbira pakati pa njira. Mukalumikiza pulasi ya batire ku mbali ya boron, mumakankhira onse kumalire, ndipo kukankhako kukafika pafupifupi mavolti 0.6 kapena 0.7 amayamba kuoloka mwaunyinji. Mukatembenuza batire mumawakokera kutali ndi malire, kamtumbira kaja n'kukula, njira n'kutsekeka. Nambala ija ya 0.58 imene mita inandilembera inali kutalika kwa kamtumbirako. Ndimaona kuti ana asukulu ambiri amaiwala zimenezi chifukwa amayambira pa bolodi. Akanayamba ndi mita m'manja monga anandichitira bambo aja, za boron ndi phosphorus zikanapeza pokhala.

Mbali ya kamzere dzina lake ndi cathode, inayo ndi anode. Pogwira ntchito ine ndimangokumbukira kuti moto umalowera kopanda mzere n'kutulukira ku mzere.

Mukadziwa maonekedwe ake mumayamba kuziona paliponse. Magetsi a ESCOM ndi a mavolti 230, ndipo amapita n'kubwerera maulendo 50 pa sekondi iliyonse. Foni, wailesi ndi batire zimafuna moto woyenda njira imodzi. Ndiye mu matchaja ambiri, pafupi ndi mapini olowa pakhoma, mumapezeka ma-diode 4 olumikizidwa mozungulira, kapena kabokosi kamodzi kakuda ka miyendo 4 kamene ma-diode onsewo ali m'kati. Moto ukabwera chakuno, awiri amatseguka. Ukabwera chakuuko, enawo amatseguka. Koma potulukira umatulukira khomo limodzi nthawi zonse. Mu alternator ya galimoto, imene imatchaja batire injini ikamalira, muli 6 ochita ntchito yomweyo, ndipo imodzi ikafa n'kuyamba kudutsitsa mbali zonse, batire limapezeka latha m'mawa galimoto itangoima. Dayinamo ya njinga nayonso imatulutsa moto wopita n'kubwerera, n'chifukwa chake sungatchaje nayo batire popanda diode pakati.

Apa ndichenjeze, chifukwa ndaona achinyamata akutsegula matchaja ndi mpeni. Kuseri kwa ma-diode 4 aja kuli capacitor imene imasunga mavolti opitirira 300, ndipo imatha kukhala nawo ngakhale mutazula pakhoma. Musaphunzirire pa zinthu za pakhoma. Phunzirirani pa mabatire.

Tsopano tinyali tija, timene dzina lake ndi LED. LED ndi diode yomweyo, ya kutsogolo ndi kumbuyo, ya kamtumbira pamalire. Kusiyana kwake n'kwakuti electron ikaoloka n'kugwera mu mpata, mphamvu imene yataya imatuluka ngati kuwala. Mu silicon mphamvuyo imangosanduka kutentha, n'chifukwa chake 1N4007 siwala. Za LED amapangira zinthu zina, zambiri zokhala ndi gallium, ndipo mtundu wa kuwala umachokera ku chinthu chimene apangira, osati ku pulasitiki ya kunja. Kamtumbira kakafupika kuwala kumakhala kofiira, kakatalika kumapita ku buluu. Ichi mungachione nokha pa mita: kofiira kamayamba kuwala pa mavolti pafupifupi 1.8 mpaka 2, kachikasu pang'ono pamwamba pa 2, kabuluu ndi koyera pa 3 kapena kupitirira pang'ono. Batire limodzi la tochi la mavolti 1.5 silingayatse ngakhale kamodzi mwa timeneti, pomwe kababu kakale ka waya kankayaka mofiira ndi batire lomwelo.

Mwendo wautali ndi wa pulasi. Miyendo ikadulidwa, yang'anani m'mphepete mwa kamutu: mbali yophwatalala ndi ya mainasi. Njira yachidule yoyesera ndi kabatire kaja kooneka ngati ndalama, ka CR2032, ka mavolti 3. Mumakapanikiza pakati pa miyendo iwiri. Ikapanda kuyaka, tembenuzani. Kabatire kameneko n'kofooka kotero sikangawotche kanthu. Koma musayese motembenuza pa batire lalikulu, chifukwa LED siipirira moto wobwera chakumbuyo monga 1N4007, imene anaipangira mavolti 1000. Zambiri za tinyali tating'onoti malire ake ndi mavolti 5 okha.

Mbiri yake imandikhudza, ndipo ndimaifotokoza kwa aliyense amene wakhala pa benchi nthawi yokwanira. Henry Round, wogwira ntchito ku kampani ya Marconi, anaona kakuwala kakutuluka pa mwala wa silicon carbide m'chaka cha 1907. Oleg Losev wa ku Russia anafufuza zomwezo n'kulemba za izo cha m'ma 1927. LED yofiira yooneka ndi maso anaipanga ndi Nick Holonyak ku General Electric ku America m'chaka cha 1962. Kuyambira pamenepo kwa zaka pafupifupi 30 panali tofiira, tachikasu ndi tobiriwira, tongosonyeza kuti wailesi yayaka. Buluu ndi amene anavuta. Isamu Akasaki ndi Hiroshi Amano ku Nagoya, ndi Shuji Nakamura ku kampani ya Nichia, onse ku Japan, analimbana ndi gallium nitride pamene ambiri anali ataisiya, ndipo buluu wowala kwambiri anatuluka m'chaka cha 1993. Atatuwa analandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 2014, ndipo opereka mphotoyo anatchula za anthu oposa 1.5 biliyoni a pa dziko lapansi amene mawaya a magetsi sanawafike. Amayi anga ali m'gulu limenelo. Popanda buluu sipakanakhala nyali yoyera, chifukwa LED yoyera ndi yabuluu imene aiphimba ndi ufa wachikasu wotchedwa phosphor. Ufawo umameza gawo la buluu n'kulavula chikasu, ndipo ziwirizo zikasakanikirana diso limaona zoyera. Tsegulani babu lakufa muone: timabwalo tonse m'katimo n'tachikasu ngati yolk ya dzira, pamene babulo linkawala moyera.

Nanga zanga zinaferanji? Apa ndi pamene bambo aja anakhalitsa, ndipo inenso ndikhalitsa. Babu lakale la waya limadziletsa lokha. Kawaya ka tungsten kakatentha kamayamba kukaniza moto, kotero mukawonjezera mavolti pang'ono kamangowala kwambiri pang'ono. Diode ilibe khalidwe limenelo. Pansi pa mavolti ake siidutsitsa kanthu, koma ikangotseguka imatsegukiratu. Kanyali koyera kamene kamadya moto wa ma-milliamp 20 pa mavolti 3, mukakawonjezera theka la volti lokha kamatha kudya kangapo kuposa pamenepo. Komanso kakatentha, kamtumbira kake kamatsika pang'ono, ndiye kamadya zambiri, n'kutenthanso kwambiri. Ine ndinakapatsa mavolti 12 kuchokera ku batire lotha kuliza injini. Panalibe choletsa chilichonse pakati.

Choletsacho ndiye resistor, ndipo masamu ake ndi a pulayimale. Bambo aja anawalemba ndi pensulo kuseri kwa paketi ya mabatire. Tenga mavolti a batire, chotsapo amene LED ikufuna, otsalawo gawa ndi moto umene ukufuna udutse. Ma-milliamp 20 ndi 0.02 ya amp. Kanyali kamodzi koyera pa mavolti 12: chotsapo 3, kutsala 9, 9 kugawa ndi 0.02 ndi 450. Ndiye mumagula resistor ya ma-ohm 470, imene ili pafupi. Zimayaka bwino, koma iwo anagwedeza mutu. Anati taona, pa mavolti 12 aja, 9 akungotenthetsa resistor, atatu okha ndiwo akuwala. Batire lotchajitsa ndi ndalama sungalimwaze choncho.

Njira yabwino ndi kulumikiza titatu motsatana, mwendo waufupi wa koyamba ku mwendo wautali wa kachiwiri, waufupi wa kachiwiri ku wautali wa kachitatu. Moto womwewo umadutsa monsemo, ndipo titatu timadya mavolti 9 ndi pang'ono. Batire lodzaza limakhala pa 12.6, kutsala pafupifupi 3.3. Masamu amapereka ma-ohm 165, koma iwo anati ndiike 220, ya mizere iwiri yofiira ndi umodzi wabulauni. Chifukwa chake n'chakuti batire likamatchajidwa limakwera mpaka 14.4, ndipo nyali ikakhala yoyaka nthawi imeneyo, resistor ya 220 imasunga moto pafupi ndi ma-milliamp 23, pomwe pa batire lopuma ndi 15. Diso silisiyanitsa kwenikweni 15 ndi 20, koma kanyali kamasiyanitsa, kamakhalitsa. Mukadzagwira malamba aja a LED a mavolti 12 amene amakongoletsera mashopu ndi ma-minibasi, muone pamene anajambula kalumo: amadula pakatha tinyali titatu tilitonse, ndipo pagulu lililonse pali resistor yake. Ndi masamu a pa paketi aja.

Kulakwa kwanga kwina kunali kupota miyendo yonse pamodzi. Ngakhale ndikanaika resistor imodzi ya tonse, sizikanakhalitsa. Tinyali tiwiri totuluka m'paketi imodzi sitifanana ndendende. Kamene kamatseguka msanga kamatenga moto wambiri, kamatentha, kamafa, ndipo gawo lake limagwera totsala. Matochi otchipa ambiri amafa imfa imeneyi: kamodzi kamayamba kuphethira, sabata yotsatira tiwiri tazima. Mzere uliwonse uzikhala ndi resistor yakeyake. Resistor ndi chinthu chotchipa kuposa chilichonse m'shopu, ndipo zimandipweteka kuti opanga ena amaumira pomwepo, chifukwa wogula tochi imeneyo nthawi zambiri ndi munthu amene wagulitsa ndowa ya mtedza kuti aipeze.

Mphepo ya Ana itawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, magetsi n'kumazima maola ambiri, anthu anathamangira masola, ndipo ntchito ya nyali pa benchi panga inaposa ya mafoni. Dandaulo lobwerezabwereza linali lakuti batire likudzaza masana koma m'mawa lachepa, nyali osayatsa. Ndikafunsa ndinkapeza kuti alumikiza sola ku batire mwachindunji. Timabokosi ta pa sola natonso ndi ma-diode, a silicon yomweyo ya boron ndi phosphorus, kungoti timagwira ntchito mobwerera: timalandira kuwala n'kutulutsa moto. Usiku sola ikagona, batire limakankhira moto pang'onopang'ono m'solamo. Diode imodzi pa waya wa pulasi, kamzere kataloza ku batire, imatseka njirayo. Kwa sola yaing'ono ya mawati 10, 1N4007 imakwana chifukwa imanyamula amp imodzi. Yokulirapo imafuna ina, monga 1N5408 ya ma-amp 3, ndipo ya mtundu wa Schottky ndi yabwino koposa chifukwa imadya mavolti ochepa, pafupifupi theka la amene ya wamba imadya. Komabe ndimawauza kuti akapeza ndalama agule controller, kabokosi koyang'anira katchajidwe ka batire, chifukwa diode siletsa batire kudzaza mopitirira muyeso.

Mababu a LED a pakhoma nawonso ambiri amatayidwa asanafe. Babu la mawati 9 limawala ngati lakale la mawati 60, ndipo m'kati mwake tinyali tonse tili pamzere umodzi motsatana. Kamodzi kakapsa, tonse timazima. Mukachotsa chivindikiro choyera, babu litazulidwa, kakufako kamaoneka ndi kadontho kakuda pakati pa chikasu. Ena amangolumpha ndi mtovu. Ine ndimakonda kuchotsa kena pa babu lina lakufa n'kuwotchererapo. Chimene chimapha timeneti ndi kutentha, n'chifukwa chake amatimata pa mbale ya aluminiyamu, ndipo babu lotsekeredwa m'galasi lopanda mpweya silikhalitsa. Mbale imeneyo musaigwire babu lili pamoto.

Pali LED ina imene muli nayo m'nyumba koma simunaionepo ikuwala, ya kutsogolo kwa rimoti. Kuwala kwake kuli kuseri kwa kufiira, kumene diso silifika. Lozetsani rimoti ku kamera ya foni n'kudina batani. Pa mafoni ambiri mudzaona kakuphethira kotuwira. Ikaphethira, rimoti ili moyo, vuto lili kwina. Gogo wina atabwera ndi rimoti ya mdzukulu wake n'kuona zimenezi pa foni yanga, anandipempha kuti ndibwerezenso kanayi.

Nyali yachiwiri ndinaipangira pa benchi la bambo aja, iwo akuyang'ana. Mizere 4, uliwonse tinyali titatu ndi resistor ya 220, pa chivindikiro china cha ndowa. Mzere uliwonse ndinauyesa pawokha ndisanalumikize. Umodzi sunayake, ndipo ndinapeza kuti kanyali kapakati ndinakaika chotembenuza. Kamodzi kokhako kanatsekera anzake awiri njira. Ndinakatembenuza, n'kuyaka. Nyali yonse imadya ma-milliamp 60. Batire la ma-amp-hour 7, mukamagwiritsa theka lokha kuti lisafe msanga, limaiyatsa maola opitirira 50, omwe ndi masabata awiri pa maola 4 usiku uliwonse.

Nditafika nayo kumudzi sindinaitane ana. Ndinadikira amayi alowe kukatenga machesi, n'kudina switchi. Anaima pakhomo, n'kuyang'ana m'mwamba, n'kuyang'ananso pansi. Chimene ananena choyamba chinali chakuti, "Kodi denga langa lada chonchi?" Sitinazimitse mpaka tinatha kusenda mtedza wa m'lichero.

Pano pali sola yaing'ono padenga, ndi diode yake pa waya wofiira. Loweruka likubwerali ndikupita ndi waya wa mamita 6, chifukwa akufuna ina kukhitchini. Kumeneko kuli utsi wa nkhuni, ndiye tinyali take ndatilowetsa m'botolo lagalasi lokamwa kukula, loti azitha kulipukuta ndi kansalu.